BWALO LA KUSERI KWA NYUMBA M'NYENGO YA CISANU

Mwezi wa June ukalowa, mabwalo a kuseri kwa nyumba m'matauni mwathu amasanduka malo osiyidwa. Munthu akayenda madzulo ku Mbare mu Harare, ku Makokoba mu Bulawayo, ku Matero mu Lusaka kapena ku Ndirande mu Blantyre, adzaona cinthu cimodzimodzi. Dzuwa likangolowa amai anyamula mbaula nalowa nayo m'nyumba, ana atsata pambuyo, citseko citsekedwa, ndipo pabwalo patsala zitini zakale ndi galu yekha. Cizolowezi cimeneci ciri ndi ngozi yaikuru, ndipo mankhwala ace ndiwo kukonza bwalolo kuti banja liziothera moto panja.

NGOZI YA MBAULA M'NYUMBA

Makala akamayaka m'cipinda cotseka amaturutsa mpweya woipa umene madokotala amaucha carbon monoxide. Mpweyawu suoneka ndi maso, ndiponso sununkha. Ukalowa m'mapapo umakangamira m'magazi mwamphamvu, kuposa ka 200 mpweya wabwino umene thupi liufuna. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire ndi nseru, kenaka tulo tolemera, ndipo ena sadzukanso. Makala ofiira opanda utsi, amene anthu amati apsa bwino, amakhala ali kuturutsabe mpweyawu. Kumudzi utsi unali kupeza poturukira m'denga la udzu, koma m'tauni zipinda nzazing'ono, makoma nga simenti, ndipo mazenera nga galasi.

DZIWANI DZUWA NDI MPHEPO

Wofuna kukhala panja ayambe wadziwa kumene kuzizira kumacokera. Matauni athu ambiri ali pamtunda: Harare ali pamwamba pa nyanja yamcere pafupifupi mapazi 4,900, Bulawayo 4,400, Lusaka 4,200, ndipo Blantyre 3,400. Cifukwa ca ici, kumwamba kukakhala kopanda mitambo, nthaka imazizira msanga usiku, ngakhale masana kunali dzuwa labwino.

M'nyengo yino dzuwa limayenda copendekera kumpoto, ndipo usana waufupi koposa umafika ca pa 21 June. Motero khoma loyang'ana kumpoto limaombedwa dzuwa nthawi yaitali. Mphepo yozizira, kawirikawiri, imacokera pakati pa kumwera ndi kum'mawa. Asodzi a pa nyanja ya Malawi amaicha Mwera. Ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mulanje imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza yochedwa Ciperoni, dzina locokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Lamulo lace tsono ndi lapafupi: chingani kumwera ndi kum'mawa, koma kumpoto kusiyeni poyera.

MPANDA NDI POKHALA

Mpanda wa tsekera, wa bango kapena wa nsungwi, wotalika mapazi 6, ukwanira. Musaumange wothina ngati khoma, pakuti mphepo ikagunda cinthu cotsekeratu imalumpha pamwamba nizungulira kuseri kwace, pamene mpanda wa timipata ting'onoting'ono umaifoketsa pang'onopang'ono. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, yambani mwafunsa eni ace kapena ofesi yoyang'anira nyumba, pakuti safunsa anadya phula. Kambiranani ndi mnansi wanu. Mpanda wa pamalire ucinjiriza mabanja awiri, ndipo mtengo wace ugawidwa pawiri.

Pafupi ndi khoma loombedwa dzuwa yalani njerwa zakale kapena miyala yaphanthi. Zimenezi zimamwa kutentha masana ndi kukubweza madzulo, ndiponso zimacepetsa pfumbi. Thabwa limodzi lokhazika pa njerwa ndi benci kale, ndipo mphasa iwakwanira ana. Wofuna kubzala mtengo asankhe wa mabulosi, umene umayoyola masamba m'cisanu nulola dzuwa kudutsa, ndipo m'dzinja upatsanso mthunzi. Mango sayoyoka, cotero asabzalidwe kumpoto kwa pokhalapo.

Mbaula ikhale pa njerwa, kutali ndi mpanda wa udzu ndi zobvala zoyanika, cifukwa m'miyezi youma yino nthethe imodzi ingathe kutentha nyumba zingapo. Ndowa ya madzi kapena ya mcenga ikhale pafupi, ndipo mwana wokwawa asasiyidwe yekha pamoto.

KADIMBA KA NDIWO

Nyengo yozizira ndiyo yokondedwa ndi mpiru, repu, kabici, anyezi ndi nsawawa. Malo a ukulu wa citseko ca nyumba, atathiridwa manyowa, angathe kupatsa banja masamba kangapo pa sabata, ndipo ndalama yogulira ndiwo itsala m'thumba. Thirirani m'mawa ndi madzi otsukira mpunga kapena masamba, ndi kuphimbira nthaka ndi udzu wouma kuti cinyezi cisathawe. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsikira kumalo otsetsereka ngati madzi. Cifukwa cace kadimbako kasakhale m'ngodya ya kumunsi. Ku Harare ndi ku Bulawayo, kumene cisanu cimawaula mbeu usiku wopanda mitambo, phimbani mbande ndi masaka madzulo ndi kubvundukula dzuwa likaturuka.

MADZULO A BANJA

Bwalo lotere lidzaitana anthu lokha. Abambo pocokera ku nchito adzapeza pokhala m'malo mopitirira ku mowa. Ino ndiyo nthawi ya mbatata ndi mtedza watsopano, ndipo ana obadwira m'tauni adzamva nthano za kwao ali kudikira mbatata ipse m'phulusa. Mlendo akafika simudzadandaula za kucepa kwa cipinda.

Nthawi yogona ikakwana, zimitsani makala panja pomwepo, muwaumitse m'mawa kuti agwirenso nchito. M'nyumba mulowe ndi mabulangete okha. Ndipo ngati mupeza munthu ali kudandaula mutu kapena wakomoka m'cipinda mmene munali mbaula, tsegulani citseko ndi mazenera, mumturutsire panja msanga, ndi kuthamangira naye ku cipatala ngakhale aoneke ngati wapeza bwino. Uthenga uwu muuzeko mnansi wanu July asanafike.