Kompyuta ya kaunjika ku Durban: ikuyaka koma ntchito ikukana

Mumzinda wa Durban, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, kompyuta yogwiritsidwapo ntchito si yovuta kuipeza. Makampani, mabanki ndi masukulu akagula zatsopano, zakale amazigulitsa kwa anthu okonza, ndipo zimakathera m'mashopu ang'onoang'ono pamtengo wotsika. Amalawi ambiri ogwira ntchito mumzindawu amagula makompyuta oterewa n'kuwatumiza kumudzi kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pachipata cha Mwanza. Ina imapita kwa mwana wasukulu, ina ku kalabu ya alimi, ina ku ofesi ya mpingo kapena ya bungwe la m'mudzi.

Vuto limaonekera katunduyo atafika. Kompyuta ikuyaka bwinobwino, koma tsamba la banki likukana kutseguka, makina osindikizira ogulidwa chaka chino sakugwirizana nayo, ndipo fomu yopemphera thandizo kwa opereka ndalama ikungozungulira osatha. Ambiri amaganiza kuti adawagulitsa chinthu chakufa. Kawirikawiri zitsulo zake zimakhala zabwino ndithu, chomwe chakalamba ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo.

Mwini khomo wa mkati mwa kompyuta

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu imodzi yomwe imayamba kudzuka mukaiyatsa, ndipo ena onse amadalira iyoyo. Kwa ambiri a ife pulogalamuyi ndi Windows ya kampani ya Microsoft. Ili ngati mwini khomo: pulogalamu yolembera kalata ikafuna kusunga zimene mwalemba, kapena kutumiza tsamba ku makina osindikizira, imapempha kudzera kwa iye. Mlendo watsopano akabwera ndi pempho limene mwini khomoyo sadamvepo, ntchito imaima pomwepo.

Microsoft imasamalira Windows iliyonse kwa zaka zowerengeka, kenako imasiya. Windows XP idatuluka mu 2001 ndipo idasiya kusamalidwa pa 8 Epulo 2014. Windows 7 ya mu 2009 idasiyidwa pa 14 Januwale 2020. Windows 10, yomwe idatuluka mu 2015, nthawi yake idatha pa 14 Okutobala 2025, ngakhale kampaniyi idatsegula mwayi woti olembetsa alandirebe zotetezera mpaka mu Okutobala 2026. Tsikulo likafika kompyuta sizima. Chomwe chimatha ndi zigamba zotseka ming'alu imene akuba a pa intaneti amalowerapo, ndipo makampani ena opanga mapulogalamu nawo amayamba kuchoka mmodzimmodzi.

Kukwera kupita ku Windows 11, yomwe idatuluka mu 2021, si kwa aliyense. Imafuna RAM yosachepera 4GB, malo osungira zinthu osachepera 64GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso processor ya m'gulu lomwe Microsoft idavomereza. Makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 sakwanitsa zimenezi, chonsecho ndi omwewo amene adzaza m'mashopu a kaunjika.

Pamene zakale ndi zatsopano zimasemphana

Kusemphana koyamba kumaoneka pa browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Chrome idaima pa nambala 49 pa Windows XP mu 2016, ndipo pa Windows 7 idaima pa nambala 109 kumayambiriro kwa 2023. Firefox nayo idaima pa 52 pa XP ndi pa 115 pa Windows 7. Masamba a mabanki, a boma ndi a mabungwe amasinthidwa nthawi ndi nthawi, motero browser yomwe idaima zaka zapitazo imawaonetsa moduka kapena kuwakana kumene.

Kwachiwiri n'kwa ziphaso. Tsamba lililonse lotetezedwa limaonetsa chiphaso chake, ndipo kompyuta imachiyerekeza ndi mndandanda wa ziphaso zodalirika umene imasunga. Ziphaso zili ndi tsiku lothera. Pa 30 Sepitembala 2021 chiphaso china chachikulu chomwe bungwe la Let's Encrypt linkadalira chidatha ntchito, ndipo makompyuta ndi mafoni akale ambiri padziko lonse adayamba kuchenjeza eni ake kuti masamba abwinobwino ndi oopsa.

Kwachitatu n'kwa zipangizo. Makina osindikizira, scanner kapena modem amalankhula ndi Windows kudzera m'kapulogalamu kotchedwa driver, kamene amalemba ndi kampani yopanga chipangizocho. Kampani ikaleka kulembera Windows yakale, chipangizo chatsopano chimangokhala chokongoletsa pa tebulo. Windows 7 payokha sidziwa n'komwe madoko a USB 3.0 pokhapokha mutaiikira driver yake. Palinso malire a kamangidwe: Windows ya 32-bit siingagwiritse ntchito RAM yoposa pafupifupi 4GB ngakhale mutawonjezera yochuluka, ndipo mapulogalamu ambiri atsopano amatuluka a 64-bit okhaokha.

Maphunziro awiri a mu 2021

Vutoli silisankha wamng'ono kapena wamkulu. Kampani ya Adobe idasiya pulogalamu yake ya Flash kumapeto kwa 2020, ndipo kuyambira pa 12 Januwale 2021 idaitsekeratu. Mafomu ena a bungwe lotolera misonkho ku South Africa, la SARS, adali akudalirabe Flash yomweyo, choncho anthu adalephera kuwatsegula. Bungweli lidachita kutulutsa browser yakeyake kuti anthu apitirize kudzaza mafomuwo. Tsiku lothera Flash lidali litalengezedwa kale mu 2017, zaka zitatu m'mbuyomo.

Mu Julaye chaka chomwecho, akuba a pa intaneti adalowa m'makompyuta a Transnet, kampani ya boma yoyendetsa madoko ndi njanji. Doko la Durban, limene limalandira pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a makontena a dziko la South Africa, lidabwerera ku mapepala ndi zolembera kwa masiku angapo, malole atandandalika panja. Ngati doko lalikulu chotere lingaime chifukwa makompyuta atsekedwa, kalabu ya alimi yomwe kaundula wake yense wa ngongole ali m'kompyuta imodzi ili pangozi yoposa.

Zoti Windows yopanda zigamba ndi khomo lotsegula zidaoneka poyera mu Meyi 2017, pamene vairasi ya WannaCry idafalikira m'maiko oposa 150 n'kusokoneza zipatala za ku Britain. Idalowera pa mng'alu umene Microsoft idali itatseka kale miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo omwe adagwidwa ndi amene sadaike chigambacho. Zinthu zidafika poipa moti kampaniyi idatulutsa chigamba chapadera cha Windows XP, yomwe idali itasiyidwa zaka zitatu zapitazo.

Njira zachidule ndi mtengo wake

Okonza makompyuta ali ndi nzeru zawo zokakamizira zatsopano pa zakale. Pali ma browser opangidwa ndi anthu odzipereka, monga Supermium, amene amatsegula masamba amakono pa Windows XP ndi 7. Palinso njira zodumphira malamulo a Windows 11 kuti ilowe m'kompyuta yosavomerezeka. Zimenezi zimagwiradi ntchito, koma zimakonza zenera nyumba ili yong'aluka maziko. Browser yatsopano siitseka ming'alu ya Windows yomwe ili pansi pake, ndipo Microsoft idanena kuti kompyuta yolowetsedwa Windows 11 mokakamiza siili ndi chitsimikizo cholandira zigamba.

Choopsa kwambiri ndi mapulogalamu obedwa amene ogulitsa ena amadzaza m'kompyuta ngati basera. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Mapulogalamu otere nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi obisika, ndipo pa kompyuta yomwe mumalowera ku banki kapena kusungirapo maina ndi manambala a zitupa za mamembala, mtengo wake ungapose ndalama zimene mudapulumutsa.

Njira ya umunthu

Njira ina idachokera ku South Africa komweko. Mu Okutobala 2004, Mark Shuttleworth, mbadwa ya ku Welkom, adatulutsa Ubuntu, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta ya m'banja la Linux. Dzinali ndi mawu a Chizulu ndi Chixhosa ofanana ndi umunthu wathu. Bungwe lake la Shuttleworth Foundation lidakhazikitsa zipinda za makompyuta m'masukulu zotchedwa tuXlabs, momwe makompyuta akale okonzedwanso ankalumikizidwa ku kompyuta imodzi yamphamvu yosenza ntchito yonse. Mu 2007 nduna za boma la South Africa zidavomereza ndondomeko yolimbikitsa mapulogalamu aulere otere m'maofesi a boma. Ku Durban, malaibulale a khonsolo ya eThekwini adayambitsa ntchito ya Ulwazi mu 2008, yosonkhanitsa mbiri ndi nzeru za makolo kuchokera kwa anthu a m'madera, ndipo adaimanga pa mapulogalamu aulere. Kwathu kuno, bungwe la Baobab Health lidayamba ntchito yake pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi timakompyuta ta i-Opener tomwe tidali titalephera malonda ku America, n'kutisandutsa zolemberapo odwala.

Lero pali mitundu ya Linux yopepuka, monga Lubuntu ndi Linux Mint Xfce, imene imayenda bwino pa kompyuta ya zaka khumi, imalandira zigamba, ndipo imatsegula Firefox yatsopano. LibreOffice imalemba makalata ndi kuwerengetsa ndalama, ndipo imatsegula mafailo a Word ndi Excel, ngakhale nthawi zina maonekedwe a tsamba amasintha pang'ono. Nayo Linux ili ndi malire ake. Pulogalamu yolembedwera Windows yokha, monga zina zowerengetsera ndalama zimene opereka thandizo amafuna, siingoyenda pomwepo. Makompyuta a 32-bit nawo akusiyidwa: Ubuntu idawasiya kalekale, ndipo Debian 13 ya mu 2025 idaleka kuwatulutsira pulogalamu yoikira. Pamafunikanso munthu mmodzi pafupi woti aphunzitse anzake masiku oyamba, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Musanagule kapena kutumiza

Safunsa adadya phula. Wogula afunse chaka chimene kompyutayo idapangidwa, ngati ndi ya 64-bit, kuchuluka kwa RAM yake, komanso ngati ikuvomerezedwa ku Windows 11. Ikakhala kuti siikuvomerezedwa, ndi bwino kuiika Linux isanakwere basi, chifukwa kukoka mapulogalamu aakulu pa bandulo ya kumudzi n'kodula. Kusintha hard disk yakale n'kuika SSD, ndi kukweza RAM kufika pa 8GB, kumafulumizitsa kompyuta kuposa china chilichonse chamtengo wofanana. Makina osindikizira ayesedwe pa kompyuta yomweyo ndalama zisanaperekedwe.

Bungwe lomwe lili ndi pulogalamu yofunika yoyenda pa Windows yakale yokha lingaisunge kompyutayo, koma liichotse pa intaneti kotheratu, lisamale ndi ma flash olowetsedwamo, ndipo za banki ndi makalata lizichitira pa ina. Kaundula aliyense wofunika akhale ndi kope pamalo ena, ndipo wa ngongole asindikizidwe papepala mwezi ndi mwezi.

Kompyuta ikafadi, isatayidwe kudzala kapena kutenthedwa pofuna mkuwa. Muli mtovu ndi mankhwala ena amene amalowa m'nthaka ndi m'madzi a m'dimba. Ku South Africa, kuyambira mu 2021 lamulo limaletsa kutaya zinyalala zamagetsi zoopsa kumalo otayira zinyalala wamba, ndipo limakakamiza opanga ndi oitanitsa katunduyu kutengapo gawo pomusonkhanitsa. Wa ku Durban amene ali ndi kompyuta yoti siingakonzedwenso aipereke kwa osonkhanitsa komweko, asalipire basi kuti ikafere pakhonde la ofesi ya kalabu kumudzi.