Kadontho Kam'masamu: Aphunzitsi Ayambe ndi Malo a Nambala

Mwana wa Sitandade 6 akafunsidwa yankho la 0.3 kuchulukitsa ndi 0.2, kawirikawiri amalemba 0.6, napereka kope lake kwa mphunzitsi wosakayika konse. Yankho lenileni ndi 0.06. Mayankho awiriwa asiyana ndi ziro mmodzi yekha, komatu loyambalo liposa lachiwirilo kakhumi, ndipo kalaliki wolakwitsa chomwechi m'buku la ndalama za Boma angathe kulipira munthu K600,000 m'malo mwa K60,000. Tsono nkhani imeneyi si ya m'kalasi mokha ayi.

Gwero la cholakwacho n'lakuti mwanayo sanamvetse kuti nambala imalemera malinga ndi malo amene yaima. Mu 352, nambala 3 iimira mazana atatu, 5 makumi asanu, ndipo 2 ndi ziwiri chabe. Malo alionse aposa malo a kudzanja lake lamanja kakhumi. Kadontho sikasintha lamulo limeneli: kangosonyeza pamene zathunthu zathera ndi pamene zidutswa zayambira, ndiye kuti magawo a khumi, kenaka magawo a zana.

Nzeru imeneyi inayenda ulendo wautali. Inachokera ku India, kumene Brahmagupta analemba malamulo a ziro m'chaka cha 628. Al-Khwarizmi anaifotokoza ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, ndipo Fibonacci anaifalitsa ku Ulaya ndi buku lake Liber Abaci mu 1202. Mu 1585 Simon Stevin wa ku Bruges anatulutsa kabuku kotchedwa De Thiende, mmene anaonetsa kawerengedwe ka zidutswa za khumikhumi, nalangizanso kuti ndalama ndi miyeso zitsate njira yomweyo.

Dziko lathu linatsata njirayi mu 1971, pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa paundi, sheleni ndi kobiri. Anansi athu a ku Zambia anali atatero kale mu 1968. Aphunzitsi akale akumbukira thukuta la masamu a masiku aja, pamene makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Itafika kwacha ya matambala 100, mwana aliyense wotumidwa kugolosale ankadziwa kuti K2.50 ndi makwacha awiri ndi theka, asanaphunzitsidwe n'komwe. Lero tambala saonekanso pamsika, ndipo mwana wataya mphunzitsi amene ankakhala m'thumba mwake. Chimene msika unkaphunzitsa kwaulere, tsopano chatsalira sukulu.

Zolakwa zimene ana agwamo kawirikawiri ndi zitatu. Choyamba, amati 0.25 iposa 0.5 popeza 25 iposa 5. Chachiwiri, atauzidwa kale kuti pochulukitsa ndi 10 angoika ziro kumapeto, amalemba kuti 2.5 kuchulukitsa ndi 10 ndi 2.50, osaona kuti nambalayo sinakule n'pang'ono pomwe. Yankho lake ndi 25, pakuti 2 ndi 5 yemwe asunthira malo amodzi kumanzere. Chachitatu, amakhulupirira kuti kuchulukitsa kumakulitsa nthawi zonse, motero amadabwa kuona kuti 8 kuchulukitsa ndi 0.5 ndi 4, chonsecho ndi theka la 8 basi.

Mankhwala ake sali patali. Chinenero chathu chomwe chimatchula malo a nambala poyera: tikati makumi atatu ndi ziwiri, tanena kale kuti pali mitolo itatu ya khumikhumi ndi ziwiri zapadera. Ngakhale kuti maphunziro a m'makalasi a pamwamba amaperekedwa m'Chingerezi, mphunzitsi sayenera kuchita manyazi kubwerera ku timitengo tomanga m'mitolo. Akatero atenge chingwe cha mita imodzi, achigawe magawo khumi, ana aone ndi maso kuti 0.5 ndi masentimita 50, pamene 0.25 ndi masentimita 25 okha.

Pofika pa kuchulukitsa, ajambule pabolodi kapena pamchenga bwalo la mbali zinayi zofanana, aligawe m'mizere khumi choimirira ndi khumi chopingasa, kuti mukhale timabokosi 100. Achonge mizere itatu yoimirira ndi iwiri yopingasa. Pamene mizereyo yakumana papezeka timabokosi 6 mwa 100, ndiye 0.06 uja. Mwana amene wawerenga yekha timabokosito, lamulo la kuwerenga malo a kuseri kwa kadontho adzalilandira ngati chidule cha zimene akudziwa kale, osati nyimbo yongoloweza.

Aphunzitsenso ana kuyerekeza asanalembe. Tinene kuti mita ya nsalu ndi K4,000, ndipo mayi afuna mamita 2.5. Popeza 2.5 ili pakati pa 2 ndi 3, yankho liyenera kugwa pakati pa K8,000 ndi K12,000. Mwana akapeza K1,000 kapena K100,000, adzadziwa yekha kuti kadontho kasokera, nabwerera kukapeza K10,000.

Tikudziwa kuti chiyambire maphunziro a ulere a pulayimale mu 1994 makalasi ambiri n'ngodzaza, ndi kuti mphunzitsi amathamangira kumaliza silabasi mayeso a Sitandade 8 asanafike. Komabe chingwe, timitengo ndi mchenga sizigulidwa, ndipo sabata imodzi yokhazikitsa malo a nambala idzapulumutsa masabata ambiri a kubwereza. Aphunzitsi aakulu ndi alangizi a maphunziro, poyendera makalasi, asangofunsa ngati ana apeza yankho, koma afunsenso mwana chifukwa chimene waikira kadontho pamenepo. Ana amenewa ndiwo mawa adzayeza mankhwala m'zipatala, minda m'mahekitala, ndi kuwerengera malipiro athu tonse. Kuongola mtengo n'kuli waung'ono.