Misi iwiri mumtondo umodzi

Amene anaonapo amayi awiri akukonola chimanga mumtondo umodzi ku Chinamwali kapena ku Matawale akudziwa kale theka la nkhaniyi. Musi wina ukamatsika, unzake umakhala ukukwera. Mmodzi akangophonya kamphindi, misi imagundana, chimanga n'kumwazikira nkhuku.

Pulogalamu ya pakompyuta nayo imagawa ntchito m'tizigawo toyendera pamodzi, timene akatswiri amati ma thread, ndipo tonseto timatapa ndi kuthira pamalo amodzi. Ophunzira za makompyuta ku Chirunga, pa Yunivesite ya Malawi, amaudziwa mutu umenewu: pulogalamu iyenda bwino tsiku lonse, kenaka ipereke yankho lopotoka kamodzi kokha, ukaitana mnzako kuti adzaone, yakhalanso bwinobwino.

Kwa wophunzira ndi mamalikisi chabe otayika. Kuchipatala nkhani yake ndi ina.

Pakati pa 1985 ndi 1987, makina ootchera khansa otchedwa Therac-25, opangidwa ndi kampani ya AECL ya ku Canada, anavulaza koopsa odwala asanu ndi mmodzi ku America ndi ku Canada komweko, ena mpaka kumwalira. Ku Tyler, m'chigawo cha Texas, mu Malichi 1986, mayi woyendetsa makinawo anadina X m'malo mwa E posankha mtundu wa chithandizo, nakonza msangamsanga poti zala zake zinali zitazolowera. Koma maginito a m'kati ankatenga masekondi pafupifupi 8 kuti akhazikike, ndipo chigawo cha pulogalamu chowayang'anira sichinamve kuti lamulo lasintha. Pagalasi panangolembedwa kuti Malfunction 54, mawu osamuuza munthu kanthu. Mayiyo anadina P kuti apitirize, monga ankachitira masiku onse. Wodwalayo anamwalira patapita miyezi isanu. Chomvetsa chisoni n'chakuti wotaipa pang'onopang'ono sakadakumana nalo vutoli. Makinawo ankalanga luso.

Mankhwala odziwika a kugundana kwa misi kotereku ndi loko, imene amaitcha mutex. Zili ngati kiyi mmodzi wa chipinda cha mankhwala: walowa watseka, watuluka wapatsira mnzake. Koma bwanji wolowayo akakomokera m'kati, kiyi ali m'thumba? Izi n'zimene zimachitika pulogalamu ikagwa m'vuto ladzidzidzi, lija amati exception, n'kudumpha mizere yotsalayo, kuphatikizapo wotsekula loko. Anzake onse amaima pamzere mpaka kalekale. Wolemba pulogalamu m'chiyankhulo cha Java amaika kutsekulako mu finally, chigawo choyenda zivute zitani, wa C++ amamangirira lokoyo ku chinthu chodzimasula chokha potuluka. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene mmisiri amadziwikira, chifukwa njira ya zinthu zikalakwika ndi imene ambiri sayiyesa n'komwe.

Msampha wina uli m'zida zobwereka. Palibe amene amalemba zonse yekha. Timatenga zopangidwa kale mu library ya C, zina za nthawi imene musi unkakhala umodzi. Kachida kotchedwa localtime kamalemba tsiku ndi ola pamalo amodzimodzi nthawi zonse, moti ma thread awiri akakaitana pamodzi, wina akhoza kutenga deti la mnzake. Nayo strtok imasunga mobisa pamene inalekezera kuduladula mawu. N'chifukwa chake malamulo a POSIX, amene analandira ma thread mu 1995, anabweretsa localtime_r ndi strtok_r, zimene woitana amabwera ndi mbale yakeyake. Ngakhale errno, pamene pamalembedwa nambala ya cholakwika, kale panali pamodzi pa pulogalamu yonse. Lero thread iliyonse ili ndi pake.

Izi si za kutali. Kuyambira 2001, pamene a Baobab Health anaika makompyuta ogwira pagalasi ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kaundula wa odwala m'Malawi wakhala akusamukira m'makompyuta. Kalaliki wolembetsa, namwino ndi wopereka mankhwala akhoza kutsekula mbiri ya wodwala mmodzi m'mphindi imodzi, aliyense ali pa desiki yake, ndipo woimba nyimbo yosinjira, yoti misi isagundane, ndi amene analemba pulogalamuyo, munthu amene wodwalayo sadzamuona nkhope.