MBALE YA "SHALAPO" YASUNGA MAU A MALEMU ALICK NKHATA

Akulu-akulu a m'midzi amene anali kumvera wailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950 sanaiwale mau a Bambo Alick Nkhata. Iwo anamwalira m'caka ca 1978, koma nyimbo zao zikali kumveka m'mbale yochedwa "Shalapo", imene kampani ya RetroAfric ya ku London inatulutsa m'caka ca 1991. M'Cibemba, shalapo ndi mau otsazikira, monga kunena kuti tsala bwino.

Cimene cipatsa mbaleyi ulemu ndi cakuti nyimbo za makolo ndi nyimbo za m'tauni zakhala pamodzi mopanda kukankhana. Muli nyimbo ya "Kalindawalo ni Mfumu", yochula dzina la mfumu yaikulu ya Ansenga a ku Petauke. Mulinso "Taxi Driver", yocokera m'moyo watsopano wa m'mizinda, kumene galimoto ndi ndalama zinayamba kulamulira mayendedwe a anthu. Zonse ziwiri ziimbidwa ndi gitala, cipangizo cobwera ndi alendo, koma cinenero ndi nkhani zace ndi za dziko lino.

Luso lotere silinabwere mwangozi ai. A Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922, ndipo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anapita ku Burma monga msilikali. Atabwerako anagwira nchito ndi Bambo Hugh Tracey, Mzungu amene anali kuyenda m'maiko a mu Africa ndi makina ojambulira nyimbo za m'midzi. Apo ndi pamene anaphunzira kuti nyimbo ya agogo ndi cuma coyenera kusungidwa.

Pambuyo pace analowa nchito ku Central African Broadcasting Service mu Lusaka, wailesi imene inali kumveka m'Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. M'caka ca 1949 kunabwera wailesi ya mtengo wapansi yoyendera batire, yooneka ngati poto, imene inachedwa Saucepan Special. Kotero nyimbo za a Nkhata ndi anzao zinafika ngakhale m'midzi yopanda magetsi.

Masiku amenewo anyamata ambiri anali kucoka kumudzi kukafuna nchito ku migodi ndi m'mizinda ya m'mbali mwa njanji. Nyimbo ya pamtondo kapena ya pabwalo la mfumu ikanatha kutsala m'mbuyo ndi okalamba okha. A Nkhata anaitenga naiveka gitala, kotero kuti wa kumigodi anakumbukira kwao, ndipo wa kumudzi anamva za moyo wa mwana wace m'tauni.

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, iwo anakhala mmodzi wa akulu a wailesi ya Zambia, ndipo atapuma pa nchito anakakhala pa famu yao ku Mkushi. Kumeneko ndi kumene imfa inawapeza m'mwezi wa October 1978, pamene asilikali a boma la Ian Smith anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe kufupi ndi famuyo. Mseu wa mu Lusaka umene pali nyumba ya wailesi ya ZNBC unapatsidwa dzina lao.

Mau a akulu akoma akagonera. Mbale ya "Shalapo" inatuluka patapita zaka 13 mwini wace ali m'manda, ndipo inatheka cifukwa cakuti panali anthu amene anajambula nyimbozo iye akali moyo. M'midzi ya ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Chipata mukali amai ndi abambo odziwa nyimbo zosinjira, zolimira ndi za maliro zimene adzukulu ao sazidziwa. Lero lamya ya m'manja ikhoza kugwira nchito imene kale inali kufuna makina olemera. Nyimbo imene mdzukulu saiphunzira kapena kuijambula caka cino ingathe kuikidwa m'manda pamodzi ndi mwini wace.