Za Minofu Imene Timezera

Pa ntchito zonse zimene thupi la munthu lichita mosatumidwa, ine ndiyesa kuti palibe yozizwitsa koposa kumeza, pakuti njira ya chakudya ndi njira ya mpweya zikomana pammero, ndipo nthongo ya nsima, ikangochoka palilime, iyenera kulambalala khomo la kholingo osagweramo. Pansi pa chibwano pali kafupa kopindika, kosalumikizana ndi fupa lina lililonse, kongolenjekeka m'minofu. Minofuyo ikakoka, kholingo likwera, monga aliyense angamve ataika chala pakhosi, kachivundikiro kake kawerama, nsinga za mawu zitsekana, mpweya nuleka kanthawi. Pamenepo, popeza mutu umodzi susenza denga, minofu itatu yozinga mmero, yovalana ngati mbale zosanjikiza, ifinya motsatizana kuchokera kumwamba kunka pansi, kufikira mnofu wolonda njira ya kumimba, umene ukhala wotseka usana ndi usiku, ulekerera.

Zonsezi zitha m'sekondi imodzi kapena kuchepera, molamulidwa ndi tsinde la ubongo. N'chifukwa chake ndidandaulira onse osamala odwala sitiroko, amene kumeza kwawo kwafooka, kuti aziwakhazika tsonga ndi kuwadyetsa pang'onopang'ono, pakuti phala lolowera m'mapapo libala chibayo.