Kulondola Ndalama Yopanda Dzina

Pamene ndalama ya Bitcoin inayamba m'chaka cha 2009, ambiri anayesa kuti yadza ndalama yobisa mwini wake, pakuti m'kaundula wake, uja atchedwa blockchain, simulembedwa dzina la munthu kapena mudzi wake, koma zilembo ndi manambala chabe oimira adiresi ya chikwama chake. Anaiwala kuti kaundulayo ali poyera kwa aliyense wofuna kuwerenga, ndi kuti cholembedwa m'menemo sichifafanizika.

Wofufuza achita monga mwini ng'ombe zobedwa usiku wa mvula, amene sataya nthawi kufunsa dzina la mbala, koma alondola ziboda m'matope kufikira pakhola lachilendo. Munthu akalipira kamodzi ndi ndalama zochokera ku maadiresi angapo, ndiye kuti kawirikawiri makiyi a onsewo ali m'dzanja limodzi. Ndi nzeru imeneyi Sarah Meiklejohn ndi anzake a ku University of California, San Diego, anasonkhanitsa maadiresi m'magulu mu 2013, atayamba agula tinthu ndi Bitcoin kuti azindikire adiresi ya wamalonda aliyense. Komatu gulu si dzina. Dzina lipezeka kumsika wosinthira ndalama, kumene lamulo lilira chiphaso cha wosinthitsa, ndipo mbala, ingachenjere bwanji, iyenera kufikako tsiku lina, popeza manambala sadyedwa.

Taonani za Bitfinex, msika umene unaberedwa Bitcoin pafupifupi 120,000 mu Ogasiti 2016. Wakubayo anagawa chumacho m'tizidutswa, napititsa china ku AlphaBay, msika wamumdima, kuti mapazi asokonezeke. Koma apolisi anagwetsa AlphaBay mu 2017, ndipo akulu anati choipa chitsata mwini. Chodabwitsa n'chakuti pakati pa chuma chonsecho, umboni wina unali kakhadi kogulira katundu ku Walmart ka madola 500 okha, kogulidwa ndi ndalama zobedwazo, kamene kanaloza kwa Heather Morgan, mkazi wa Ilya Lichtenstein. Ofufuza, atalandira chilolezo cha bwalo la milandu, anatsegula malo a pa intaneti kumene mwamunayo ankasunga mafayilo, napezamo mndandanda wa maadiresi pamodzi ndi makiyi ake achinsinsi. Mu Febuluwale 2022 awiriwo anamangidwa ku New York, boma la America litalanda Bitcoin zoposa 94,000, za mtengo wa madola 3.6 biliyoni pa nthawiyo, ndipo mu Novembala 2024 Lichtenstein, amene anavomera kuti ndiye anathyola Bitfinex, analamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu.