MAU ATATU NDI SEFA: M'MENE TINGAFUFUZIRE PA INTANETI



Lero tikambirana za m'mene tingafunsire makina ofufuzira pa intaneti, monga Google, kuti atipatse cimene tifuna. Ambiri a inu mwaona kale kuti mukalemba liu limodzi m'kabokosi kofufuzira, mayankho amabwera miyanda-miyanda, ndipo oculuka sakhudza funso lanu. Pa sukulu pamene pali foni imodzi yokha, ndipo ndalama zogulira mabandulo n'zocepa, nthawi ikatayika motere phunziro nalonso latayika. Cofunika ndi ici: musanalembe kanthu, yambani mwaganiza zimene mufuna kuti zilowe ndi zimene mufuna kuti zitsale kunja. Pali mau atatu a Cingelezi otithandiza pa nchito imeneyi, ndiwo AND, OR ndi NOT.

Mwini wace wa nzeru imeneyi anali George Boole, amene anabadwira ku Lincoln m'dziko la England m'caka ca 1815. Atate ace anali osoka nsapato. Iye anayamba kuphunzitsa ana ali ndi zaka 16, ndipo masamu ambiri anadziphunzitsa yekha. M'caka ca 1854 anatulutsa buku losonyeza kuti maganizo a munthu angathe kuwerengedwa monga masamu. Anamwalira mu 1864, makompyuta a masiku ano kulibe, koma malamulo acewo ndiwo amene makina amatsata kufikira lero.

Tiyambe m'kalasi

Tiyerekeze kuti m'kalasi muli ana 40. Mwa iwo, 18 amasewera mpira, 12 amaimba m'kwaya, ndipo 5 amacita zonse ziwiri.

Mphunzitsi akati, "Mpira AND kwaya," aimirire okhawo amene amacita zonse ziwiri. Amenewa ndi 5. Motero AND amacepetsa gulu.

Akati, "Mpira OR kwaya," aimirire yense wa mpira, yense wa kwaya, pamodzi ndi aja a zonse ziwiri. Kodi aimirira angati? Wina afulumira kunena 30, koma walakwa, pakuti ana 5 aja wawawerenga kawiri. Yankho ndi 25. Motero OR amakulitsa gulu.

Akati, "Mpira NOT kwaya," aimirire a mpira, koma amene amaimbanso akhale pansi. Otsala ciimire ndi 13. Motero NOT amacotsa.

Apa cherani khutu, cifukwa malankhulidwe athu a masiku onse angatisokeretse. Mphunzitsi akanena kuti, "Anyamata ndi atsikana, tulukani," tonse timatuluka. Koma kwa makina, "anyamata AND atsikana" ndiye kuti munthu amene ali mnyamata ndiponso mtsikana nthawi imodzi, ndipo m'kalasimo satuluka ndi mmodzi yemwe. Cimene mphunzitsi uja anatanthauza ndi OR. Cimodzi-modzinso, amai akakufunsani kuti, "Ufuna tiyi kapena thobwa?" mumasankha cimodzi cokha. OR wa makina sali wotero ai: iye amalola ici, ico, ngakhale zonse ziwiri.

Tsono tipite ku makina

Liu lakuti Kafue ndi dzina la mtsinje, la tauni, ndiponso la nkhalango yosungiramo nyama. Mukalemba Kafue yekha, makina sadziwa cimene cili m'mtima mwanu. Koma mukalemba Kafue nsomba, afuna masamba okhala ndi mau onse awiri. Pa Google simufunikira kulemba AND, pakuti mpata umene mwasiya pakati pa mau ugwira kale nchito imeneyo. Liu lililonse limene muwonjezera licepetsa mayankho.

OR athandiza pamene cinthu cimodzi cili ndi maina awiri kapena malembedwe awiri. Kuno kwathu timalemba cimanga, koma anzathu a ku Malawi amalemba chimanga. Mukafufuza ndi kalembedwe kamodzi, mungaphonye zolembedwa zabwino za tsidya linalo. Lembani cimanga OR chimanga. Kumbukirani kulemba OR ndi zilembo zazikulu. Mukalemba ndi zazing'ono, makina amuyesa liu wamba.

Ngati dzina lili ndi mau angapo, liikeni pakati pa zizindikiro zija timaika pa mau amene munthu walankhula, motere: "Victoria Falls". Mukatero, makina afuna mauwo ali pamodzi ndiponso m'ndondomeko yomweyo. Pofuna maina onse awiri a mathithi athu, lembani "Victoria Falls" OR "Mosi-oa-Tunya".

M'malo mwa NOT, Google amagwiritsa nchito cizindikiro cocotsera ca m'masamu, cogundizana ndi liu locotsedwalo popanda mpata. Mwana wofuna za tauni ya Livingstone, amene watopa ndi nkhani za mmishonale uja, angalembe Livingstone -David. Koma cenjerani, NOT ali ngati cikwanje cimene cimadula udzu pamodzi ndi mbeu. Tauniyo inachedwa dzina la David Livingstone, amene anafika pa mathithi aja mu 1855, ndipo inali likulu la Northern Rhodesia kucokera mu 1911 mpaka 1935. Tsamba labwino lofotokoza mbiri ya tauniyo silingalephere kumuchula munthuyo. Mukacotsa David, mwataya tsamba limene munali kulifuna. Cotero yambani mwawonjezera liu, monga Livingstone town, ndipo NOT akhale wotsiriza.

Kuphatikiza mau atatuwa

M'masamu mudziwa kuti 2 + 3 × 4 ndi 14, koma (2 + 3) × 4 ndi 20. Manambala ndi omwewo, mabulaketi ndiwo asintha yankho. N'cimodzi-modzi pofufuza. Tibwerere m'kalasi muja. Tikati (mpira OR kwaya) AND atsikana, aimirira atsikana okha-okha a m'magulu awiriwo. Koma tikati mpira OR (kwaya AND atsikana), aimirira onse a mpira, anyamata omwe, pamodzi ndi atsikana a m'kwaya. Makina ofufuzira mabuku m'malaibulale akulu-akulu amatsata mabulaketi mosamala kwambiri. Ngakhale pamene simuwalemba, alembeni pa pepala lanu, kuti inu eni mudziwe cimene mwafunsa.

Sefa

Amai akabwera ku cigayo amasefa ufa kuti zinyalala zitsale. Makina nawonso ali ndi masefa. Mau atatu aja amayang'ana zimene zalembedwa m'tsamba, pamene sefa amayang'ana kumene tsambalo lacokera, mtundu wace ndi nthawi yace.

Mukawonjezera site:zm, mulandira masamba okha amene adiresi yao itha ndi zm, cizindikiro ca Zambia. Mukalemba site:gov.zm, mulandira a maofesi a boma. Mukawonjezera filetype:pdf, mulandira zikalata zoyenera kusindikiza pa pepala. Mukalemba after:2020, mupempha masamba a pambuyo pa nthawi imeneyo, ndipo before: acita zosiyana ndi zimenezo.

Onani tsono funso lathunthu: cimanga OR chimanga OR maize site:zm filetype:pdf. Tanthauzo lace n'lakuti: ndipatseni zikalata zonena za cimanga, m'kalembedwe kalikonse mwa atatuwa, zocokera ku masamba a Zambia.

Koma musaunjike masefa onse nthawi imodzi. Sefa wa timabowo tating'ono kopambana salola ngakhale ufa kudutsa. Ikani cimodzi, onani zotuluka, ndipo kenaka muikenso cina. Mayankho akaculukitsa, wonjezerani liu kapena sefa. Akacepetsa, cotsani sefa mmodzi kapena ikani OR. Dziwaninso kuti sefa sanena ngati tsamba likamba zoona. Zimenezo n'za inu ndi aphunzitsi anu kuweruza.

Kwa aphunzitsi

Phunziro ili silifuna magetsi. Jambulani mikombero iwiri yolowana pansi pa bwalo la sukulu, monga anasonyezera John Venn m'caka ca 1880. Wina ukhale wa mpira, wina wa kwaya, ndipo ana a zonse ziwiri aime pamene mikombero yalowana. Itanani AND, OR ndi NOT, ana awerengane okha. Pambuyo pace mwana aliyense alembe funso lace m'kope, ndipo kalasi lisankhe labwino koposa lisanapite pa foni.

Mafunso

1. M'kalasi lathu lija la ana 40, ndi angati amene sali mu mpira ngakhale m'kwaya?
2. Kodi "kwaya NOT mpira" ipatsa ana angati?
3. Lembani funso lofufuzira nkhani za njovu za ku Luangwa kapena ku Kafue.
4. Fotokozani cifukwa cace NOT afunika kusamala naye.

Kambiranani mayankho anu ndi aphunzitsi. Mpaka tidzakumanenso m'phunziro lotsatira, tsalani bwino.